Mphindi khumi za pa Lisungwi

Kwa Bambo Kambalame, mwini wake wa minibasi yoyera yolembedwa kumbuyo kuti "Odala Ofatsa".

Ndinadandaula koyamba Lolemba loyamba la mwezi wa Ogasiti, pakamwa, pa siteji ya pa boma. Anthu anu anandiuza kuti mwapita ku Tete kukagula matayala. Kachiwiri ndinalemba kalata Lachisanu lomaliza la mwezi womwewo ndi kuisiya m'manja mwa akazi anu pa golosale. Anasaina pa kope langa la kaboni. Kachitatu ndinalemba mu Okutobala ndi kutumiza pa positi, lisiti ndili nalo. Yankho silinabwere ngakhale limodzi. Tsopano ndamva kuti mukuuza anthu kuti nkhalamba ya ku Thambani ikufuna ndalama zake za thiransipoti. Sindikuzifuna. N'chifukwa chake ndalemba ulendo wonse, kuyambira pakhomo panga, kuti mudziwe chimene ndikufunsa.

Ine ndine Wilisoni Chimbalanga. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'khoti la kwa mfumu zaka makumi awiri ndi zinayi, mpaka makhoti aja atatsekedwa nthawi ya matipate. Pepala sinditaya. Ndikanena kuti chinthu chinachitika nthawi yakuti, ndiye kuti ndinayang'ana wotchi.

Wodwala ndi mdzukulu wanga Thoko, mwana wa Yohane, mwana wanga amene ali ku Joni. Nthawi ya ulendowu Thoko anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi isanu. Mvula ili pakati anadwala matenda oumitsa khosi, anagonekedwa masabata atatu, anatuluka. Tinati wachira. Kenaka mutu unayamba kukula. Liwombo linatukuka, mitsempha inaonekera pamphumi, ndipo mwana amene ankakwawa anasiya ngakhale kukhala yekha. Adokotala a pa boma anati madzi akudzaza m'mutu, sakupeza potulukira. Analemba kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, kumene madokotala a mitu amaona ana otere kamodzi pa mwezi. Pa kalatapo panali tsiku: Lachinayi lachiwiri la Julayi, tikafike isanakwane teni koloko m'mawa. Anandiuza ndili chiimire kuti madziwo akapitiriza kupanikiza amawononga maso. Anati, "Bambo, tsiku ili musaliphonye."

Amake Thoko, a Nachisale, ndi apongozi anga. Anabwera pamudzi pathu chitengwa, kuchokera kutsidya kwa malire. Mwambo wake mukuudziwa. Zaka zinayi ali pamudzi panga sitinakhalepo pamphasa imodzi, sitinadyerepo pamodzi. Akandiona m'njira ankapatuka n'kugwada. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga. Woyenera kuwaperekeza anali mkazi wangayo, koma miyendo yake ndi yotupa ndipo sawerenga. A Nachisale anali asanafikepo ku Blantyre. Ndiye ndinapita ine. Popeza panjira panalibe wina wotilumikiza, tinkalankhulana kudzera mwa mwana. Iwo ankati, "Thoko, awuze agogo kuti madzi atha m'botolo." Ine ndinkayankha kuti, "Thoko, uwauze amako kuti tikatunga pa mjigo." Mwanayo anali asanayambe kulankhula.

Kabuku ka kuchipatala koyamba ka Thoko kananyowa ndi masanzi kali m'chikwama cha amake, masamba atatu osawerengeka. Kuyambira pamenepo mapepala ake ndinkasunga ndine. Kalata ya adokotala ndi kabuku katsopano ndinaziika mu envelopu ya khaki, envelopuyo m'jumbo, jumboyo m'thumba la mkati la jekete langa.

Tinanyamuka pakhomo Lachitatu, 6.30 m'mawa, cholinga chili chokagona ku Blantyre komweko. Pa Thambani tinafika 7.15 n'kupeza pikapu ya matola yoyamba itapita kale. Yachiwiri inalipo, koma mwini wake anati sanyamuka isanadzaze. Tinadikira. Ine ndinakhala pakhonde la shopu, a Nachisale anakhala pansi pa mtengo wa mango, patali pang'ono, mwana atamufunditsa chitenje mpaka kumutu. Kunali kuzizira kwa Julayi. Cha m'ma leveni mayi wina wogulitsa mandasi anabwera n'kuvundukula chitenjecho osapempha.

"Mayo ine! Mutu wonsewu ndi wake? Mayi, uyu si wa chipatala ayi. Mwapitako kwa anthu akuda?"

"Tinapitako," anatero a Nachisale, akubweza chitenje.

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati tibweretse nkhuku."

"Ndiye?"

"Anadya."

Mayi uja anaseka yekha n'kuchoka. Ine ndinali ndisanadziwe kuti anapitako kwa sing'anga. Ndinamvera pomwepo.

Pikapu inanyamuka 1.40 masana. Dalaivala anawaika a Nachisale kutsogolo chifukwa cha mwana, ine ndinakwera kumbuyo pa matumba a mtedza. Kawiri tinaima kuti athire madzi mu injini, kamodzi tayala linaphwa ndipo jeke anakabwereka pamudzi wina. Pa boma tinafika 4.50. Ndinaona kuti tikapitirira tikalowa m'tauni kutada, ndi mwana wodwala, opanda pogona. Tinagona kwa mwana wa mchemwali wanga, kuseri kwa msika. Ndinawerengera kuti kuchoka pa boma kufika ku Blantyre ndi maola awiri, ndipo tikanyamuka sikisi tikhala ndi maola awiri ena apadera. Kuwerengera kumeneko kunalibe cholakwika.

Lachinayi tinafika pa siteji 5.30. Kondakitala wanu, bambo wamfupi wa ndevu amene anzake amamutcha Shuga, anatsomphola chikwama cha a Nachisale tisanasankhe galimoto.

"Blantyre yachangu, agogo! Kwatsala anthu awiri okha, ndinu amene timadikira!"

M'katimo munali anthu anayi. Ndinamuuza kuti tili ndi mwana wodwala amene akufunika ku chipatala isanakwane teni. Anati tikafika hafu eyiti. Nditalipira ndinamuuza kuti andilembere tikiti.

"Agogo, ino si ndege."

"Ndilembere."

Anang'amba pepala m'kope lake n'kulemba kuti "Mwanza, BT, anthu 2, K300", pansi pake "Shuga". Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Muikenso chidindo!" Anthu anaseka. Pepalalo lili pano patebulo pamene ndikulemba.

A Nachisale anakhala kumbuyo kwa dalaivala, ine pa mpando wotsiriza. Minibasi inazungulira pamsika katatu kufuna anthu. Kenaka inaima kuti ipakire manachesi a mayi wina wa bizinesi, mayi wonenepa wokonda nthabwala. Ndinawerenga matumba khumi ndi limodzi. Ena analowa pansi pa mipando, ena kumbuyo, mpaka chitseko chinakana kutsekeka ndipo anachimanga ndi chingwe. Ndinamuuza kondakitala kuti katunduyu wachuluka. Anati, "Agogo, iyi inanyamulapo ng'ombe." Tinachoka pa boma 6.25.

Tinadutsa Chifunga bwinobwino. Itakwana 7.20, tili pafupi kutsikira pa mlatho wa Lisungwi, pansi pa galimoto panamveka phokoso ngati munthu wagwetsa mtolo wa makasu. Minibasi inayenda yokha pang'ono n'kuima. Dalaivala wanu, a Lameki, analowa pansi pake n'kutuluka manja ali bii. Anati chitsulo chozungulira chimene amachitcha shafuti chathyoka. Tonse tinatsika.

Pamalopo panalibe nyumba pafupi, koma mitengo ya malambe ndi mbuzi za eni. A Nachisale anakhala pa mwala, Thoko ali pamiyendo. Ndinamva akunena kuti, "Thoko, awuze agogo kuti wasanza." Ndinayang'ana wotchi. Maminibasi awiri anadutsa odzaza, osaima.

Pakati pathu panali bambo wina wachisilamu wa sitolo pa boma, wovala kofia yoyera. Ndi iye amene anaima pakati pa msewu n'kuimitsa thiraki ya nambala za ku Mozambiki, 7.55. Analankhula ndi dalaivala wake m'Chinyungwe, akuloza mwana. Atabwerera anati thirakiyo ikupita ku Limbe, idutsa pafupi ndi chipatala, ndipo dalaivala wavomera kutenga mayi wa mwanayo ndi munthu wina mmodzi, ulere. Ndinakasuzumira. Kutsogoloko kunali kale anthu. Malo otsalawo anali mpando umodzi wopapatiza, woti anthu awiri akhale mothinana, phewa pa phewa, bondo pa bondo.

"Kwerani bambo, msanga," anatero mayi wa manachesi. "Si mwana wanu ameneyu?"

"Ndi apongozi anga."

"Eee! Ndiye nkhani ina." Anaomba m'manja. "Koma bambo, chipongozi chinatha ndi chipani chimodzi. Masiku ano mu minibasi timakhala pamiyendo pa apongozi athu, n'kumawapemphanso kuti asunthe!"

Anthu anaseka. A Nachisale anali atakwera kale, nkhope atazolika. Ine ndinaima phazi limodzi lili pa chitsulo chokwerera. Ndikanakwera. Ndikunena zoona, ndinali nditatsala pang'ono kukwera. Pamenepo ndi pamene kondakitala wanu anandigwira mkono.

"Agogo, musadzivute. Ina yathu ili m'mbuyomu, yanyamuka seveni. Teni minitsi ikhala yafika, tikukwezani nonse. Thiraki iyi imayenda ngati kamba. Mukawapitirira pa Zalewa, mukakhala ndinu owadikira."

Ndinamufunsa kuti, "Ina yanu ya bwana wanu yemweyu?"

"Ya bwana wathu yemweyu."

"Mphindi khumi?"

"Ndilumbire, agogo? Mulungu akuona."

Ndinamufunsa kawiri, pamaso pa anthu, ndipo bambo wa kofia uja angachitire umboni. Ndinatsitsa phazi. Dzanja langa linapita m'thumba la jekete n'kugwira envelopu. Ndinaganiza zoipereka. Kenaka ndinaona chitenje cha a Nachisale chitanyowa ndi masanzi, ndinakumbukira kabuku koyamba kaja, ndipo ndinati mumtima: ngati ndikafike ndine woyamba, mapepala akhale ndi ine. Ndinabweza dzanja. Ndinayang'ana mwana n'kunena kuti, "Thoko, uwauze amako kuti akandidikire pa geti lalikulu. Asalowe okha, angasochere. Mapepala ndibwera nawo."

"Wamva, Thoko," anatero iwo. "Tikadikire pa geti."

Malo anga anakhalapo mayi wina amene ankapita ku maliro ku Lunzu. Thiraki inanyamuka 8.05.

Mphindi khumi zinatha. Ndinaima m'mbali mwa msewu, maso kumene tinachokera. Galimoto yoyera iliyonse ikatulukira pa chitunda ndinkanyamula chikwama. 8.30 ndinamufunsa kondakitala. Anati mwina yaima pa Chifunga kutsitsa anthu. 8.50 anati mwina apolisi aigwira. Itangopitirira naini anakwera minibasi ina yobwerera ku boma, akuti akukatenga chitsulo ndi makaniko. Sanatsanzike. Anthu ena anamuthamangira kufuna ndalama zawo, koma chitseko chinali chitatsekedwa.

Tinatsala anthu khumi ndi atatu. Dzuwa linakwera, kuzizira kunatha. Mayi wa manachesi anamasula thumba limodzi n'kuyamba kugulitsa kwa anzake apaulendo. Anati, "Bola ndiyambe pano, ku Blantyre afika ali madzi." Ine anandipatsa awiri ulere. Ndinawagwira m'manja osasenda. Amene anali ndi mphamvu ankathamangira galimoto iliyonse yochepetsa liwiro n'kudzipanikiza. Ine ndinayesa katatu. Koyamba mnyamata wina anandikankha ndi chigongono. Kachiwiri anati malo alipo a munthu woima chowerama, ndipo ndisanayankhe wina anali atalowa. Kachitatu sanaime n'komwe. Komanso, ndivomere, mpaka cha m'ma hafu naini ndinkakhulupirirabe kuti yanu ija ifika, ndipo sindinalimbikire monga ndikanalimbikira.

Nditasowa chochita ndinayamba kulemba nambala za magalimoto odutsa kuseri kwa tikiti. Sindikudziwa chifukwa chake. Zilipo makumi awiri ndi zitatu. Teni koloko inandikwanira ndili pa mwala womwe anakhalapo a Nachisale. Ndinayang'ana wotchi mpaka muvi unadutsa. Ndinkayembekeza kuti ndimva kanthu, mkwiyo kapena mantha. Sindinamve chilichonse. Ndinaona nyerere zikunyamula khungu la nachesi, ndinazitsatira ndi maso mpaka zinalowa m'dzenje.

10.40 ndinapita kwa a Lameki. Anali atagona chagada pamthunzi wa galimoto, akuyamwa nachesi.

"Adalaivala, inzake ya iyi ili pati?"

"Iti?"

"Imene yanyamuka seveni."

Anadzuka n'kundiyang'ana. "Ija ya buluu? Bambo, ija ili pa miyala ku galaja kuyambira sabata yatha. Ilibe injini."

"Bwana wanu ali ndi ina?"

"Ziwiri basi. Iyi ndi iyo."

"Nanga kondakitala wanu amati chiyani?"

Analavula njere. "Shuga amatero kuti anthu asayambe kufuna ndalama zawo. Inu munamukhulupirira?"

Mawu amenewa ndinawalemba pomwepo, pansi pa nambala za magalimoto.

11.30 pikapu ina yonyamula mbuzi inaima, ndipo bambo wa kofia anandikankhira pamwamba asanakwere iye. Ndinakhala pa tayala, mbuzi zikunditafuna jekete. Pa Zalewa tinafika 12.10. Pa rodibuloko ya pa mlatho wa Shire panali mzere wa magalimoto, ndipo mwini mbuzi anatsika kukaonetsa mapepala a ziweto zake. Ndinatsika n'kuwoloka wapansi. Kutsidya ndinapeza minibasi ya anthu asanu, injini ikulira ngati inyamuka pompo. Inanyamuka wani koloko. Inaima pa Mdeka, inaima pa Lirangwe, pa Lunzu linali tsiku la msika ndipo tinakhala mphindi makumi awiri akutsitsa malata. Mnzanga wa pampando ankandiuza za mtengo wa feteleza. Ndinkamuyankha kuti eya. M'tauni tinalowa 2.35. Pa geti la chipatala ndinafika 3.05.

Anali pomwepo. Anali atakhala pansi, msana kukhoma la mpanda, pamalo opanda mthunzi, Thoko ali pamiyendo. Anthu ankawalambalala. Mlonda wa pa geti atandiona ndikupita kwa iwo anandiitana.

"Ndinu abale awo a mayiwa? Afika pano isanakwane teni, ndimawaona. Ndawauza kanayi kuti lowani, mwana ameneyu akudwala, ngakhale opanda kalata anesi akuthandizani. Akungoti apongozi anga anati ndidikire pa geti. Ndinati mwina apongoziwo ndi nduna ya boma."

Ndinaima patali pang'ono monga mwa masiku onse n'kunena kuti, "Thoko, uwauze amako kuti galimoto ija sinabwere."

A Nachisale anaimirira. Sanagwade. Anandiyang'ana kumaso, koyamba chibwerere pamudzi panga, ndipo analankhula ndi ine mwini.

"Bambo, munati ndisalowe."

"Ndinatero."

"Wasanza katatu. Sanalire." Anatambasula dzanja. "Ndipatseni mapepala a mwana wanga."

Mawu awo sanali aukali. Anali ngati a munthu wofunsa mtengo wa mchere. Ndinatulutsa jumbo n'kuwapatsa, ndipo anaiika pachifuwa, m'kati mwa bulauzi. Kuyambira tsiku limenelo mapepala a Thoko amasunga ndi iwo. Ine ndili ndi zimene ndinakopera pamanja.

M'katimo tinapeza mabenchi ali okhaokha. Namwino amene ankatseka mazenera anawerenga kalata n'kutsegula buku lake. Dzina la Thoko linalimo. Anati analiitana katatu, ndipo madokotala a mitu anachoka masana kupita kuchipinda cha opaleshoni. Chipatalacho sindichidandaula. Ndinali kalaliki, ndikudziwa kuti dzina likaitanidwa katatu mlandu umapita tsiku lina. Namwinoyo sanatibweze chabe. Anakaitana dokotala wa ana amene anamuyeza Thoko, n'kumupatsa mankhwala ochepetsa kusanza. Dokotalayo anayatsa katochi n'kukayendetsa kumanja ndi kumanzere. Maso a Thoko anakatsatira. Ndinaona ndi maso anga, ndipo zinalembedwa m'kabuku. Anatipatsa tsiku lina, Lachinayi lachiwiri la Ogasiti, n'kutiuza kuti mwana akayamba kukomoka tibwere osadikira tsikulo. Sanakomoke.

Tinagona pamalo a odikirira odwala, ndipo m'mawa mwake tinabwerera. Za ulendo wobwerera palibe chonena. Pa Lisungwi minibasi yanu inali idakali pomwepo, pansi pake pali makoko a manachesi.

Mu Ogasiti tinanyamuka Lachiwiri, masiku awiri tsikulo lisanafike. Tinakwera galimoto ya munthu wina. Malo anali ochepa, ndipo tinakhala mpando umodzi kuchoka pa boma mpaka m'tauni, phewa pa phewa, miyendo ya Thoko ili pamiyendo panga. Palibe amene anafa nazo. Lachinayi tinali oyamba pa benchi. Anamujambula mutu, anamugoneka, ndipo patapita masiku asanu anamuika kapaipi kochoka m'mutu kupita m'mimba, kotulutsa madzi aja. Opaleshoni inayenda bwino. Mutu unasiya kukula. Koma tsiku loyamba lomwelo, dokotala wamkulu atayatsa katochi, maso a Thoko sanasunthe. Anakayandikitsa mpaka pamphuno. Sanaphethire.

A Nachisale sanadabwe. Anauza dokotala kuti anazindikira sabata yomaliza ya Julayi, pamene mwana anasiya kutambasulira dzanja supuni. Anati anayesa ndi chikuni cha moto, kenaka ndi kalilole padzuwa. Dokotala anawafunsa chifukwa chake sananene kwa munthu. Anati, "Tsiku linali litalembedwa kale."

Ine ndinamutsatira dokotalayo pakhonde n'kumufunsa ngati maso akanapulumuka tikanafika mu Julayi. Anati, "Bambo, mwina. Mwina ayi. Sindingakuuzeni motsimikiza." Ndinamupempha kuti alembe zimenezo. Anakana mwaulemu, anati sangalembe chinthu chimene sakuchidziwa. Ndinamulemekeza chifukwa cha mawu amenewo.

Lero Thoko akukhala yekha. Amadya, amaseka akamva mawu a amake, amadziwa kutsokomola kwanga. A Nachisale anamupangira chitini cha njere za chimanga choti azigwedeza, ndipo akamapita kudimba amamubereka n'kumamuuza zimene akudutsa: uwu ndi mjigo, ili ndi khola la mbuzi, apa pali dzenje. Sindinawaonepo akulira. Mkazi wanga akuti nayenso sanawaone. Mwezi uliwonse amapita okha ku sikelo, ndipo kawiri apita okha ku Blantyre. Amadzuka, amasesa, amagwira mutu wa mwana kuseri kwa khutu kumene kapaipi kamadutsa, monga anawaphunzitsira, kenaka amakatunga madzi. Akandipeza m'njira amapereka moni n'kudutsa. Sapatukanso, ndipo ine sindifunsa.

Yohane analemba kuchokera ku Joni kufunsa kuti analakwa ndani. Malume awo a Nachisale anabwera pa njinga kuchokera kutsidya kudzafunsa zomwezo. Onsewo ndinawayankha mofanana, ndipo ndikuyankhani inunso kuti musaganize kuti ndikubisala kumbuyo kwa kondakitala wanu. Ndinalakwa kusakwera thiraki. Ndinalakwa kusapereka envelopu. Ndinalakwa kuuza mayi wa mwana wodwala kuti asalowe m'chipatala, ndikudziwa kuti mawu a apongozi sangawaphwanye. Zimenezi ndi zanga, ndinazilemba, ndinasaina, Yohane ali ndi kope lake. Kuthyoka kwa chitsulo sindikuimbani nako mlandu, ngakhale matumba anali khumi ndi limodzi, galimoto imafa. Koma phazi langa linali pa chitsulo chokwerera, ndipo amene analitsitsa ndi munthu wanu, ndi mawu amene sanali oona. Mbali imeneyo si yanga, ndipo sindingaisainire.

Choncho, Bambo Kambalame, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe polemba, musaine dzina lanu, pasanathe masiku khumi ndi anayi chilandirireni kalata ino. Mundiuze ngati m'mawa wa Lachinayi lachiwiri la Julayi munali ndi minibasi ina pa msewu wa Mwanza ndi Blantyre. Ngati munalibe, mundiuze ngati kondakitala wanu ankadziwa zimenezo pamene ankalumbira. Ndipo mundiuze ngati mawu akuti ina ili m'mbuyomu anawapeka yekha, kapena ndi mawu amene mumawauza antchito anu kuti azinena galimoto ikafa. Ngati yankho ndi lakuti sankadziwa, lembani choncho, ndidzalilandira. Kalatayo muitumize ku positi ya pa boma m'dzina langa, kapena muipereke kwa dalaivala aliyense wa matola a ku Thambani, amandidziwa.

Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zinayi. Thoko akadzafika pa msinkhu wofunsa kuti zinatani, ine mwina kudzakhala kulibe. Sadzawerenga yekha. Koma wina adzamuwerengera, ndipo ndikufuna kuti mbali yanu idzakhalepo.

Ndine wodikira yankho lanu,

Wilisoni Chimbalanga,
Thambani, Mwanza.